Chopimira cha Profesa

"Za tulo mwamufunsa?" anatero a Tafotokozani ali pampando wawo wakumbuyo, manja atapinda pamimba.

"Ndamufunsa, aphunzitsi," anayankha Jekeseni.

"Mwamufunsa, kapena mwamuuza kuti amagona bwino iye n'kungovomera?"

Kalasi yonse inaseka. Jekeseni, mnyamata wamtali ndi woonda ngati dzina lakelo, anabwerera pamalo pake akukanda m'mutu.

Awa anali ophunzira udokotala a chaka chachisanu, ndipo mwezi umenewo anali kumbali ya matenda a maganizo. Asanawalole kukhala ndi odwala enieni, mphunzitsi wawo ankawayeseza kaye m'kachipinda ka kuseri kwa wodi. Kutsogolo ankaika mipando iwiri yoyang'anizana. Wophunzira mmodzi ankakhala dokotala, wina wodwala, ndipo wodwalayo ankamunong'oneza kaye matenda oti achite. Otsalawo ntchito yawo inali kutola zolakwa, ntchito imene ophunzira udokotala amaigwira ndi mtima wonse. Mphunzitsiyo ankamutchula a Tafotokozani chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo, ngakhale wina angopempha kupita panja.

"Kamphepo, bwerani mukhale dokotala. Profesa, tabwerani kuno ndikupatseni matenda."

Kamphepo anadzuka mwachangu monga mwa nthawi zonse. Mtsikana ameneyu sankayenda, ankangodutsa. Anakonza chopimira m'chifuwa chimene chinali m'khosi mwake kuti onse achione bwino.

"Mayi, kuno sitipima mtima," anatero Jekeseni. "Maganizo samveka ndi chimenecho, ngakhale muchiike pachipumi."

"Nsanje idzakupha," anayankha Kamphepo.

Kunena zoona chinali chopimira chochititsa kaso, cholemera m'manja, cha paipi yofiirira. Chake chakale chinali chija chotchipa, choti mtima wa munthu unkamveka ngati ukugunda m'nyumba ya aneba. Ichi anamupatsa ndi Profesa, mtsikana mnzake wa m'kalasi momwemo, Lamlungu lapitalo. Awiriwa ankagona chipinda chimodzi kuyambira chaka choyamba. Profesa anangochichotsa pamsomali n'kunena kuti, "Tenga, chimakukhala iweyo." Kamphepo anakana kamodzi, kukana kwaulemu kuja dzanja litafika kale, kenako anavina chipinda chonse.

Profesa anamvetsera zimene mphunzitsi ankamunong'oneza, n'kubwera kudzakhala pampando. Anthu anakhala bwino, poti iyeyu mayeso ankakhoza ngati kumwa madzi, komanso pa sewero panalibe womuposa. Sabata yathayo anachita bambo wokhulupirira kuti wailesi ikumunena, mpaka namwino wina anasuzumira pakhomo.

"Takulandirani, mayi," anayamba Kamphepo. "Chakubweretsani n'chiyani?"

"Andibweretsa ndi achemwali anga. Ine ndilibe vuto, adokotala. Ndimagulitsa nsalu pamsika, ndili ndi ana awiri. Kungoti masiku ano ndimatopa."

"Tulo mumagona bwanji?"

"Kugona ndimagona. Koma ndimadzidzimuka kunja kudakali mdima, basi tulo tatha. Padenga pali mng'alu wina wokhotakhota. Ndimauyang'ana mpaka kunja kuyere."

Kamphepo anamwetulira mumtima. Mng'alu umenewo ankaudziwa, unali pamwamba penipeni pa bedi la Profesa. Anaganiza kuti akatswiri a sewero amatero, amatola za kunyumba.

"Nanga chakudya?"

"Sichilowa. Buledi wam'mawa ndimapatsa mnzanga. Iye sakana."

Kalasi inaphulika ndi kuseka, poti mimba ya Kamphepo inali yodziwika sukulu yonse. Nayenso anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anaona Profesa akudya buledi wake yekha, osalipeza.

Anapitiriza mafunso monga anaphunzitsidwira. Wodwalayo ananena kuti palibe chimene chimamukomanso, kuti akamaseka amangomva ngati akuseka ndi munthu wina. Za nsalu ndi za ana awiri aja sanazitchulenso.

"Pali zinthu zanu zimene mwagawa posachedwapa?"

"Zingapo. Nsapato, mabuku." Profesa anaima kaye. "Chimene ndinkachikonda kwambiri ndinapatsa mnzanga wapamtima. Anasangalala kwabasi, mpaka anavina."

Maso ake anatsika pang'ono, n'kuima pakhosi pa Kamphepo, kenako anabwerera pansi.

Chopimira chija chinalemera mwadzidzidzi. Funso lotsatira Kamphepo ankalidziwa. A Tafotokozani ankabwereza tsiku ndi tsiku kuti limafunsidwa mwachindunji, osazungulira, chifukwa kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu. Masiku ena onse linali funso losavuta. Tsopano anachita kudzikakamiza kuti alifunse.

"Kodi mwakhala mukuganiza zochotsa moyo wanu?"

"Inde, adokotala."

"Komaliza ndi liti?"

"Lero m'mawa. Koma musadandaule, panopa mtima uli m'malo. Zinthu zanga zonse ndalongosola."

Kenako Jekeseni anayamba kuwomba m'manja, ena onse n'kutsatira.

"Tafotokozani, dokotala," anatero mphunzitsi. "Wodwala ameneyu mungamuchite chiyani?"

Kamphepo anayankha ndi mawu oti iye mwini sanawazindikire. "Sindingamusiye yekha, ngakhale pang'ono. Ndingaitane wamkulu kuti amuone lero lomwe. Ndipo akandipempha kuti ndisauze munthu, sindingalonjeze."

"Limenelo ndiye yankho. Profesa, zambirizo sindinakuuzeni ine, mwawonjezera nokha." Anamuyang'ana kanthawi ngati akufuna kunena zina, koma namwino anagogoda kuti kuwodi kukufunika dokotala msanga. Ali pakhomo, mphunzitsiyo anatembenuka. "Paja nanunso ndinu anthu. Chipinda chija cha aphungu othandiza ophunzira pa za maganizo sichinatsekedwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Ife m'mimba mwathu muli njala yokha," anatero Jekeseni, gulu lonse n'kukhamukira kodyera.

Profesa sanalowere kodyera. Anati mutu ukumuwawa, akagoneko pang'ono.

"Ndikuperekeza," anatero Kamphepo.

"Iwe kusiya chakudya? Lero kugwa mvula."

"Igwe."

Atalowa m'chipinda chawo, Kamphepo anaona zimene anakhala akuziona sabata yonse osaziona. Shelefu ya Profesa inali pululu. Zovala zinali zopindidwa bwino m'chikwama. Chithunzi cha mayi ake chinali chitachoka pakhoma, patangotsala kachidutswa ka selotepi. Iye ankangoti mnzake wagwidwa ndi mzimu waukhondo, mpaka anamuseka. Anachita manyazi aakulu. Zizindikiro zonsezi anazilemba pamayeso n'kukhoza, ndipo chimodzi mwa izo anayenda nacho m'khosi akudzitama.

Foni ya Profesa inalira. Mawu a mayi ake ankamveka chipinda chonse.

"Adokotala athu, mwaswera bwanji? Ndili ndi amalume ako pano, bondo lija latupanso. Ndawauza kuti asavutike n'kupita kuchipatala, mwana wanga awauza mankhwala. Komanso mwana wa aneba ali ndi zidzolo."

Profesa anawongoka, mawu ake n'kukhala owala ngati wayatsa getsi. Anafunsa za bondo, anawauza kuti apite ndithu kuchipatala, anaseka nthabwala ya amalume ake. Atadula foni, nkhope ija inazima pomwepo.

Kamphepo anatseka chitseko n'kutsamira pomwepo.

"Mayi wa nsalu uja ndani?"

"Ndi sewero, iwe. Wakhoza, ukufunanso chiyani?"

"Mayi wa nsalu ali ndi mabuku oti agawe? Ali ndi mng'alu uwu?" Analoza kudenga. "Ndikufunsanso, ndipo pano palibe wowomba m'manja. Ukuganiza zodzipha?"

Profesa anakhala pabedi, manja pamaondo. Anayankha ndi mawu aja ankafotokozera odwala kwa madokotala akuluakulu m'wodi, mawu osalala, opanda polakwika.

"Mtsikana wophunzira, wopanda matenda ena odziwika. Kwa miyezi ingapo wakhala wosasangalala, sagona, sadya, waonda. Amadziona ngati katundu. Samwa mowa. Kwawo amamukonda. Palibe chimene chinamuchitikira."

"Siya zimenezo."

"Palibe chimene chinachitika, ndicho chikundiopsa. Akanakhala maliro, kapena mwamuna wandisiya, bwenzi ndikuloza kuti ndi ichi. Ndinangodzuka tsiku lina zonse zitasuluka. Matendawa ndimawadziwa, ndinakhoza kuposa nonsenu. Ndikudziwa dzina lake, mankhwala ake, mlingo wake. Ndiye munthu wina akandiuza chiyani chimene sindikudziwa?"

"Nanga unanena chifukwa chiyani pamaso pa anthu?"

Profesa anayang'ana mng'alu uja. "Unafunsa bwino," anatero. "Palibe anandifunsapo. Ndinangomva pakamwa pakuyankha."

Kamphepo anamva misozi ikubwera, koma anaibweza. Sinali nthawi yoti mnzake ayambe kumutonthoza iyeyo.

"Tiye kwa aphungu."

"Ayi." Liwu la dokotala lija linathawa, panatsala la mtsikana wamantha. "Ukudziwa pamene pali chipinda chimene chija? Pakhomo penipeni pa laibulale. Benchi lija amalitcha chiyani, sunamve? La olephera. Ukangokhalapo, madzulo sukulu yonse yadziwa. Ndiye zikafika kwa aphunzitsi? Akati uyu sangasunge odwala? Zaka zonsezi, mayi anga auza msewu wonse. Ine ndikabwerere kwathu ndi chikwama, ndikati chiyani?"

"Ukati wadwala. Amalume ako bondo latupa, achita manyazi?"

"Bondo amaliona."

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna, mnzanga."

"Miyambi usiyire a Tafotokozani." Profesa anamugwira dzanja mwamphamvu. "Tamvera. Ndipatse sabata imodzi, ndidzikonza ndekha. Ungolonjeza kuti suuza munthu. Ine zinsinsi zako ndasunga zingati? Lonjeza."

Apa ndi pamene Kamphepo anavutika kwenikweni. Anakumbukira chaka chachiwiri atalephera mayeso a mafupa, Profesa akumuphunzitsa fupa limodzilimodzi osauza aliyense kuti akubwereza. Mtsikanayu sanamupemphepo kanthu chiyambire. Lero wapempha chinthu chimodzi, chaching'ono pochinena. Ndipo mwina ankanena zoona, mwina nkhani ikanafalikira, mwina akanamuimitsa sukulu. Mtima unkamuuza kuti avomere, amuyang'anire yekha, pajatu nayenso ndi dokotala wamawa. Koma yankho lake lomwe la m'kalasi linali lidakali m'makutu. Analinena mosavuta pofuna kukhoza, tsopano linamupeza.

"Sindilonjeza."

Profesa anamusiya dzanja ngati wagwira mbaula.

"Ukanena, ine ndi iwe zatha."

"Zithe. Bola uzindida uli moyo." Kamphepo anapitiriza. "Njira ndi ziwiri. Tipite limodzi kwa aphungu panopa, kapena ndiimbire a Tafotokozani ndili pompano pachitseko. Sankha wekha. Koma wekha sutsala muno, ngakhale kubafa ndikutsatira."

"Ndiwe woipa mtima."

"Eya. Vala nsapato."

"Ndinagawa."

"Vala zanga."

Anayenda kudutsa bwalo la sukulu dzuwa lili pamutu. Kwa nthawi yoyamba chibwerere pasukulupo, Kamphepo anayenda pang'onopang'ono, phazi ndi phazi, kufanana ndi mnzake amene ankakoka nsapato zomukulira. Atayandikira laibulale, Profesa anaima ataona anthu akulowa ndi kutuluka.

"Iwe ulowe molunjika, usakhale pabenchi," anatero Kamphepo. "Pabenchi ndikhala ine."

Phunguyo anali mayi wamfupi wa imvi zapatalipatali, ndipo anamupeza akuthirira kaduwa kapawindo ndi madzi a m'kapu. Anayang'ana atsikana awiriwo, n'kuika kapu pansi.

"Ndani mwa inu wabwera, ndani waperekeza?"

"Mnzangayu akuganiza zodzipha," anatero Kamphepo, asanapeze mpata woopa. "Wandiuza yekha lero. Katundu wake wagawa kale."

Mayiyo sanadzidzimuke, sanagwire pakamwa. Anakokera mpando pafupi ndi wake.

"Mwachita bwino kubwera. Khala apa, mwanangu."

Profesa anaima chiimire. "Mukauza aphunzitsi?"

"Sindikunamiza. Zimene tikambe muno sizipita kwa okupatsa mayeso. Koma ngati moyo wako uli pangozi, pali anthu oti adziwe: dokotala woti akuone lero, amene sakuphunzitsa, ndi wachibale mmodzi amene usankhe wekha. Aliyense ndisanamuimbire, uyamba wamva iwe. Ndipo ophunzira amene anakhalapo pampando uwu, ambiri lero akuchiza anthu."

"Mafunso anu ndikuwadziwa onse. Ndi mayankho ake omwe."

"Ndiye sitichedwa. Ukatha kundipatsa a m'buku, undipatse ako."

Profesa anakhala pansi. Kamphepo anatuluka n'kukoka chitseko.

Benchi la olephera linali lolimba, lotentha ndi dzuwa. Kamphepo anakhalapo. Anthu ankadutsa, ena n'kuyang'ana kumbali mwaulemu wonyenga uja, ena kugwirana zigongono. Posakhalitsa anatulukira Jekeseni, mabuku kukhwapa, akutokosa m'mano.

"Aa, Kamphepo, pabenchi? Ndiye chifukwa chake sitinakuone kodyera. Chakupweteka n'chiyani, chikondi?"

"Ndikudikira nthawi yanga."

Jekeseni anayembekeza kuti amva nthabwala, koma sinabwere. Anasiya kutokosa m'mano. Anayang'ana chitseko, anayang'ana mapazi ake.

"Amatenga nthawi yaitali?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sindikudziwa. Ndi koyamba."

"Ukatuluka undiuze mmene zimakhalira," anatero, n'kulowa mu laibulale osasekanso.

Chitseko chinatseguka dzuwa litapendeka. Profesa anatuluka maso ali psuu, limodzi ndi phungu uja, kupita kukaonana ndi dokotala. Anadutsa pa Kamphepo ngati akudutsa mtengo.

"Achemwali ake akubwera, afika kusanade," anatero mayiyo. "Inuyo pitani mukadye. Ndipo mawa mubwere, nthawi yanu ija ndamva mukuuza anthu pabenchi ilipodi. Mwanyamula katundu wolemera lero."

Masiku otsatira sanali okoma. Achemwali a Profesa anabwera ndi chikwama ndi matiresi, n'kuyala pakati pa mabedi awiri aja. Profesa anapatsidwa mankhwala ndi tchuthi cha kuwodi, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kwa phungu. Mphekesera zinayendadi, monga ananenera, theka zikunena iye, theka zikunena Kamphepo. Mayi ake analira pafoni, kenako anasiya kutumiza mabondo ndi zidzolo. Koma kwa Kamphepo, Profesa sankalankhula. Akafuna mchere ankauza achemwali ake kuti auze "anthu ena". Zinamupweteka Kamphepo kuposa mmene ankayembekezera, ndipo tsiku lina analira ali kosambira, madzi akutsika kuti asamveke.

Chopimira chija anachibweza pamsomali wa Profesa tsiku loyamba lomwelo. Mwiniwake anachiona, osachikhudza. Chinakhala pamenepo sabata yonse, Kamphepo akuvutika ndi chakale chija.

Lolemba kalasi yawo inasamukira kuwodi ya odwala mtima. Kamphepo anavala gauni lake loyera, n'kuima pafupi ndi bedi la mnzake. Profesa anali atakhala tsonga, akutafuna buledi pang'onopang'ono ngati ntchito imene wapatsidwa.

"Ndibwereke chopimira."

Profesa sanatukule mutu. "Achemwali, auzeni anthu ena kuti ndinawapatsa kale."

"Auzeni kuti mphatso ija ndinaikana," anatero Kamphepo. "Ndikufuna kubwereka. Madzulo ndibweza, mawa ndidzabwerekanso. Tsiku lililonse ndizibwera kudzapempha kwa mwiniwake, mpaka adzachifune yekha."

Achemwali aja anayang'ana uku ndi uku, n'kupitiriza kupinda bulangete. Pa nkhani imeneyi anaona kuti salowererapo.

Profesa anameza buledi uja. Anakhala kanthawi akuyang'ana msomali. Kenako anadzuka, anachotsa chopimira, anapukuta fumbi ndi m'mphepete mwa malaya ake, n'kuchiika m'manja mwa Kamphepo. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anamuyang'ana m'maso, ndipo mkwiyo unali udakalimo.

"Usachisiye pabedi la wodwala monga umachitira ndi chako chija," anatero. "Ndipo ubweze madzulo. N'changa."